Mdadada ukang'aluka, ndalama zomangira wina zimachokera kuti?

Anzanga, musanathamangire zitumbuwa pa geti, taimani kaye apa. Tonsefe, kuyambira a Fomu 1 mpaka akuluakulu a Fomu 4, tinadzera ku pulayimale, ndipo ambiri tili ndi azing'ono athu amene akadali komweko. Ine ndili ndi mlongo wanga wa Sitandade 3. Amaphunzira m'kalasi momwe ndinkaphunzira ine zaka 7 zapitazo. Khoma lakumbuyo kwa kalasiyo lili ndi mng'alu umene nthawi yathu tinkabisamo mapensulo. Pano mng'aluwo wakula moti dzanja la munthu wamkulu limalowa bwinobwino, ndipo ukaima mkati umaona munda wa a hedi kunja. Mapaso anadyedwa ndi chiswe. Pansi panakumbika ngati m'khola. Mitambo ikangoda cha ku Dzalanyama, aphunzitsi amatulutsa ana onse n'kukawapanikiza m'kalasi ya Sitandade 4, ndiye kuti tsiku limenelo makalasi awiri onsewo sanaphunzire.

Dzina la sukuluyo sinditchula. Kaya mumachokera mbali ya Bunda, kaya kwa Chadza, kaya uko ku Nathenje, ikanipo dzina la kwanu, mwina zifanana.

Bambo anga ali mu komiti ya sukuluyo. Tsiku lina madzulo tikuswa mtedza ndinawafunsa kuti, "Ababa, nanga boma osangogwetsa mdadada umenewu n'kumanga wina bwanji? Akudikira kuti ugwere ana?" Iwo anaseka pang'ono, kuseka kosasangalala kuja, n'kunena kuti, "Mwana wanga, iwe ukuganiza kuti boma ndi munthu mmodzi wokhala ndi chikwama chimodzi? Zikwama zake n'zambiri, ndipo chilichonse chili ndi khomo lake." Kuyambira tsiku limenelo ndakhala ndikufunsafunsa, kwa iwo, kwa aphunzitsi ndi kumvetsera wailesi. Zimene ndapeza ndi izi.

Tiyambire kumene vutoli linachokera. Mu 1994, boma la a Bakili Muluzi linachotsa fizi ku pulayimale. Chinali chinthu chabwino kwambiri, pajatu makolo athu ambiri anaphunzira chifukwa cha chimenechi. Koma chaka chimodzi chokha chiwerengero cha ana chinadumpha kuchoka pa 1.9 miliyoni kufika pafupifupi 3 miliyoni. Makalasi sanachuluke usiku umodzi ngati bowa. Ana anadzaza pansi pa mitengo, m'matchalitchi ndi m'zisakasa zofolera udzu zangati zigafa za fodya. Cha m'ma 1995 kunabwera MASAF, ya ndalama za Banki Yaikulu Padziko Lonse, ndipo dongosolo lake linali lakuti mudzi uumbe njerwa, utute mchenga ndi miyala, kenaka MASAF ibweretse simenti, malata ndi malipiro a amisiri. Agogo anga mpaka pano mdadada uliwonse wa sukulu amautchula kuti "wa Masafu". Kwinanso makolo anangodzimangira okha ndi matope, poona kuti kudikira kwatalika. Tsono werengani: mdadada womangidwa mu 1996 ukukwanitsa zaka 30 posachedwapa. Nyumba ya zaka 30 imene mumalowa ana oposa 100 tsiku lililonse, yosakonzedwapo, yosapakidwapo ngakhale laimu, mukuganiza kuti ingaoneke bwanji? Midadada ina ndi yakale kuposa pamenepo, ya nthawi ya amishoni, chifukwa sukulu zambiri kuno eni ake ndi mipingo monga CCAP ya Sinodi ya Nkhoma ndi Akatolika, boma limangopereka aphunzitsi ndi mabuku.

Boma limafuna kuti kalasi imodzi izikhala ndi ana 60. Koma m'dziko lonse, ukagawa ana ndi makalasi okhazikika amene alipo, umapeza pafupifupi ana 100 pa kalasi. Sungani nambala imeneyi, tibwereranso.

Chikwama choyamba, chimenenso chili pafupi kwambiri ndi ife, ndi School Improvement Grant, imene aliyense amangoti SIG. Inayamba m'maboma ochepa cha m'ma 2010 kenaka inafalikira m'sukulu zonse za pulayimale za boma. Ndalamayi imalowa mu akaunti ya sukulu ku banki, ndipo a hedi sangaitape okha, pamafunika kuti asainire ndi a komiti. Isanagwiritsidwe ntchito, a komiti, a PTA, amayi a Mother Group, mafumu ndi aphunzitsi amakhala pansi n'kulemba pulani ya chaka. Mpaka apa zonse zili bwino. Vuto ndi kukula kwake. SIG ndi ndalama yogulira choko, mapepala, zokhomera zitseko, kukonza madesiki, kuthandiza ana ovutikitsitsa, mwina kusintha malata awiri atatu. Bambo amati kuyembekezera kuti SIG imange mdadada kuli ngati kufuna kuphikira maliro onse mu kampoto ka tiyi. Chaka china a komiti anagula matumba angapo a simenti n'kumata mng'alu uja. Mvula itabwera unatsegukanso pomwepo, chifukwa vuto silili pakhoma, lili pansi, maziko anatitimira mbali imodzi.

Chikwama chachiwiri nonse mumachidziwa chifukwa chimamveka kwambiri nthawi ya kampeni: thumba la chitukuko cha m'dera la phungu, CDF. Linayamba mu 2006. Mu 2022 linakwera kuchoka pa K40 miliyoni kufika pa K100 miliyoni pa dera lililonse, ndipo mu 2024 linafika pa K200 miliyoni. Ukamva nambalayi mutu umazungulira, eti? Koma ganizani dera lonse la phungu mmodzi: muli sukulu makumimakumi, milatho yoti amayi awolokere ku chipatala cha Mitundu nthawi ya dzinja, zipatala zazing'ono, nyumba za aphunzitsi, fizi ya ophunzira osowa. Zonsezo zikuyang'ana mbale imodzi. Ndiyeno pali funso lakuti amasankha ndani koyambira. Pa malamulo ndalamayi ndi ya anthu ndipo imadzera ku khonsolo, koma kumudzi timangomva kuti "abwana atimangira", ngati yachokera m'thumba la thalauza lawo. Mu Meyi 2025 khoti lalikulu linagamula kuti aphungu asamayendetse nawo thumbali, chifukwa ntchito yawo ndi kupanga malamulo ndi kuyang'anira boma, ndiye sangamadziyang'anire okha. Nkhaniyo inautsa mapiri pachigwa. Pa kampeni ya chisankho cha pa 16 Sepitembala 2025, a Peter Mutharika analonjeza kuti thumbali lidzafika pa K5 biliyoni pa dera lililonse. Ine masamu a biliyoni amandisokoneza, koma ndikudziwa kuti ndi kuchulukitsa K200 miliyoni ija ka 25. Ikadzabweradi yonse, funso la amene akusankha ndi amene akuwerengera matumba a simenti lidzakulanso ka 25.

Chachitatu ndi chikwama cha khonsolo yeniyeni. Kuyambira 1998 dziko lathu lili ndi ndondomeko ya mphamvu ku anthu, ndipo sukulu za pulayimale zinaperekedwa m'manja mwa makhonsolo. Ndiye kuti za pulayimale yathu zimakambidwa ku khonsolo ya boma la Lilongwe, osati ku Capital Hill kokha ayi. Khonsolo imalandira ndalama za chitukuko kuchokera ku boma, zotchedwa District Development Fund. Palinso pulogalamu ya GESD, ya madola 100 miliyoni ochokera ku Banki Yaikulu ija, imene inandisangalatsa nditaimvetsa. Chaka chilichonse makhonsolo amayesedwa mmene akusungira mabuku a ndalama ndi mmene akumalizira ntchito. Yokhoza bwino imalandira zambiri, yolephera zofunikira zenizeni imatha kumanidwa. Kunena kwina, akuluakulu aja nawonso amalemba mayeso ngati ife! Kusiyana kwake n'kwakuti ine ndikalephera JCE wolira ndine ndi amayi anga, koma iwo akalephera wolira ndi mwana wa Sitandade 3 amene sanalembe nawo n'komwe.

Chachinayi ndi chimene chili cha makalasi enieni. Mu 2021 kunavomerezedwa Malawi Education Reform Programme, MERP, ya ndalama pafupifupi madola 150 miliyoni zochokera ku Banki Yaikulu Padziko Lonse ndi bungwe la Global Partnership for Education. Cholinga chake ndi makalasi aang'ono, Sitandade 1 mpaka 4, kumene ana amathithikana kwambiri. Inakonza zomanga makalasi 10,900 ndi zimbudzi 1,000 m'sukulu zoposa 3,500. Mukagawa mupeza kuti ndi makalasi atatu pa sukulu, kungoyerekeza. Isanabwere MERP kunali ina yotchedwa MESIP, imene inamanga makalasi 500 m'maboma a zamaphunziro 8 okha, ndipo Lilongwe Rural West inali m'gulumo. Pajatu pa zamaphunziro Lilongwe anaigawa patatu: mzinda, kumudzi chakum'mawa ndi kumudzi chakumadzulo. Chimene ndinakonda pa MERP n'chakuti ntchito yambiri imayang'aniridwa ndi anthu a pa sukulu pomwepo, pogwiritsa ntchito amisiri a m'dera, m'malo modikira kontirakitala wa m'tauni amene ukamufuna foni yake siipezeka. Komabe makalasi 10,900 sangakwanire dziko lonse. Sukulu zina zinalowa pa mndandanda, zina sizinalowe.

Apa ndi pamene pali nkhani imene yandisowetsa tulo. Tibwerere ku nambala ija ya ana 100 pa kalasi. Ndalama zikachepa, osankha amayang'ana kumene ana achulukitsitsa poyerekeza ndi makalasi. Ndi nzeru ndithu, sindikutsutsa. Mwana wophunzira pansi pa mtengo wa mango amafunikiradi denga. Koma taganizani sukulu ziwiri. Yoyamba ili ndi ana 800 ndi makalasi 4, ena onse ali panja. Yachiwiri ili ndi ana 800 ndi makalasi 8, koma 4 mwa makalasiwo ndi ong'aluka ngati a mlongo wanga. Pa pepala yoyamba ili ndi ana 200 pa kalasi, yachiwiri 100. Ndalama zipita kuti? Ku yoyamba, mwachidziwikire. Chikhalirecho mwana wa pansi pa mtengo mvula ikabwera amanyowa n'kuthawira kwawo, pamene wa m'kalasi yong'aluka ali pansi pa njerwa zolemera. Kalasi yoti igwa mawa imawerengedwabe kuti ndi kalasi lero. Chaka chilichonse a hedi amadzaza fomu ya kalembera wa sukulu yopita ku unduna. Ngati pa fomupo, ndi m'malipoti opita kwa a PEA, sizinalembedwe momveka kuti mdadada wakutiwakuti wafika poopsa, ku likulu amaona ngati kwathu zinthu zili bwino.

Musaganize kuti ndikukokomeza. Mu Juni 2018, ine ndili Sitandade 2, khoma la kalasi linagwa pa sukulu ya pulayimale ya Natchengwa ku Zomba. Ana anayi anamwalira ndipo ena ambiri anavulala. Anali ana amene anadzuka m'mawa, kusamba, kunyamula makope awo ngati mmene amachitira mlongo wanga. Nthawi imeneyo sindinkamvetsa chifukwa chake amayi anakhala chete tsiku lonse atamva pa wailesi. Pano ndikumvetsa.

Ndinafunsa mmisiri wina wa kumudzi kwathu kuti chimagwetsa mdadada n'chiyani makamaka. Anandiyankha mondiseka kuti, "Iwe mwana, ukufuna kundilanda ntchito?" koma anandifotokozera. Choyamba ndi maziko osazama, makamaka pa dothi la kudambo limene limafufuma dzinja n'kung'ambika chilimwe. Chachiwiri ndi kumangira matope kapena kunyenga simenti, thumba limodzi kulisakaniza ndi mawilibala a mchenga ochuluka kuposa muyeso. Pamaso pamaoneka bwino, koma ukakanda ndi msomali pamayoyoka. Kenaka lintala: mdadada wabwino umayenera kukhala ndi lamba wa konkire ndi zitsulo wozungulira nyumba yonse pamwamba pa mawindo, woti agwire makoma onse pamodzi. Midadada yambiri yomangidwa mothamanga ilibe. Ndipo denga liyenera kumangiriridwa ku khoma ndi waya, osati kungolisanjika. N'chifukwa chake mvula yoyamba ya Novembala ikabwera ndi mphepo ya mkuntho timamva kuti denga la sukulu yakuti lasasuka lonse n'kukatera m'munda. Anawonjezanso kanthu kakang'ono kamene sindinkakaganizira: ngalande. Madzi ochokera pa malata akamagwera m'mphepete mwa khoma chaka ndi chaka popanda kolowera, amadya maziko pang'onopang'ono. Ntchito ya khasu ndi matumba ochepa a simenti ikanapulumutsa makoma ambiri.

Mwina wina afunsa kuti, nanga osangoumba njerwa ngati kale bwanji? Kwathu tinaumba. Mabanja onse anatuluka, a mfumu anaika chindapusa cha nkhuku kwa wojomba, ine ndemwe ndinatunga madzi mpaka khosi kuuma. Uvuni unapsa bwino. Lero ndi chaka chachitatu uli pomwepo, wamera udzu, mbuzi zimakwerapo, ndipo njerwa za m'mbali zikutha chifukwa ena amabwera usiku. Chimene ambiri sitinkadziwa n'chakuti kuyambira 2018 malamulo a zomangamanga saloleza njerwa zootcha pa nyumba za boma ndi ntchito zikuluzikulu. Amafuna mabuloko a simenti kapena njerwa zopanikiza pa makina zosaotcha. Chifukwa chake tonse timachiona tikayang'ana ku Dzalanyama, kumene mitengo ikutha ndi makala ndi nkhuni, pamene m'nkhalango imeneyo ndi mmene mumachokera mtsinje wa Lilongwe umene anthu a mumzinda amamwa. Lamulolo ndi labwino, koma bwenzi wina atatiuza tisanaponde dothi. Mabuloko amafuna simenti yambiri, ndipo simenti ndi malata zimakwera kwacha ikagwa. Inagwa ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, n'kugwanso ndi 44 peresenti mu Novembala 2023. Bajeti yolembedwa mitengo isanakwere imathera pa lintala, ndiye mukaona mdadada woima wopanda denga musamafulumire kunena kuti ndalama zinabedwa. Nthawi zina zinabedwadi, nthawi zina zinangochepa mphamvu. Kusiyanitsa ziwirizi kumafuna kuona mapepala.

Palinso ngozi zimene zimalanda ndalama mwadzidzidzi. Namondwe wa Freddy atawononga m'chigawo cha kummwera mu Malichi 2023, makalasi ambiri anagwa ndipo sukulu zina zinasanduka misasa ya anthu othawa madzi. Kuno sitinakhudzidwe ngati anzathu a ku Mulanje, Phalombe ndi Blantyre, ndipo palibe angadandaule kuti thandizo linayamba kupita kumeneko. Kungoti mzere umene tinaimapo unatalikirako.

Koma chinthu china ndinene ine ndekha, a patironi a magazini ino andikhululukire. Ndikuona ngati kukonza chakale sikukoma kwa akuluakulu ngati kumanga chatsopano. Mdadada watsopano umabwera ndi mwambo: magule, Gule Wamkulu, nsalu, kudula riboni, dzina pa khoma. Nanga munaonapo munthu akudula riboni chifukwa wasintha mapaso odyedwa ndi chiswe? Ndiye timadikira chinthu chiwonongekeretu kuti tidzapemphe chatsopano, pamene kuchisamala kukanatsika mtengo. Ifenso ophunzira tisadziyeretse. Mawindo a magalasi amaswa ndani? Madesiki amathyola ndani tsiku lotsekera? Pano pa CDSS pathu pomwe, yang'anani chitseko cha kalasi yanu musanaloze chala boma.

Tsono pempho limayenda bwanji kuti lifike kumene kuli zikwama zija? Limayambira ku komiti ya sukulu, imene imalemba vutolo mu pulani yake ndi kudziwitsa a PEA, mlangizi wa sukulu za m'zoni. Mbali ina limapita ku VDC, komiti ya chitukuko ya kwa a gulupu. Kuchoka apo limakwera ku ADC, ya dera lonse la mfumu yaikulu, monga kwa Chiseka kapena kwa Chadza, kumene mapempho a midzi yonse amaikidwa pa mndandanda, lofunika kwambiri pamwamba. A khansala amalitengera ku khonsolo kuti lilowe mu pulani ya chitukuko ya boma lonse. Pempho limene silinalembedwe m'magawo amenewa, ngakhale mutalifuula pa maliro aliwonse, ku khonsolo kulibe. Nthawinso ndi yofunika. Chaka cha boma cha ndalama chimayamba pa 1 Epulo n'kutha pa 31 Malichi, ndiye mapulani amakonzedwa miyezi ya m'mbuyo mwake. Mukakumbukira mu Meyi, mwadikira chaka china.

Bambo atafufuza anapeza kuti pempho la kwathu linakambidwa kambirimbiri pa misonkhano, aliyense n'kuwomba m'manja, koma kalata yeniyeni yokhala ndi chidindo cha sukulu ndi cha a mfumu inalembedwa kamodzi kokha, ndipo palibe anasunga kope yake. Zaka zonsezi timati atikana, pamene mwina sanatimve n'komwe.

Chinanso chimene ndinaphunzira n'chakuti kufunsa si mwano. Lamulo lopatsa anthu ufulu wopeza nkhani ku maofesi a boma linayamba kugwira ntchito mu Sepitembala 2020. Kholo lili ndi ufulu wofunsa kuti SIG yabwera zingati chaka chino ndipo yagula chiyani. Sukulu zina zimamata ziwerengerozo pa bolodi ngati lino kuti aliyense aone. Pa ntchito ya CDF kapena ya khonsolo, anthu akhoza kufunsa mtengo wake, amene wapatsidwa ntchitoyo ndi tsiku loimaliza. Makolo athu ena kuwerenga kumawavuta, makamaka zikalembedwa m'Chingerezi. Ife a sekondale ndi amene timaitanidwa kukawerenga kalata ya kuchipatala kapena uthenga wa pa foni wa makuponi a feteleza. Palibe chotiletsa kuwerenganso pepala la SIG, kapena kuthandiza alembi a komiti kulemba kalata yooneka bwino, yotchula chaka chimene mdadada unamangidwa, chiwerengero cha ana amene amalowamo, ndi kutalika kwa mng'alu.

Loweruka lapitali ine ndi mlongo wanga tinapita ndi rula yanga ya masamu ndi chingwe. Mng'alu uja ndi wotalika mamita awiri ndi theka, ndipo pamwamba pake ndi wotakasuka masentimita 6. Tinajambula ndi foni ya achimwene, n'kulemba ndi makala pakhomapo kamzere ndi deti, kuti tidzaone ngati ukukula mvula ikayamba. Kalata talemba makope atatu: ya a PEA, ya a VDC, ndi yotsala m'faelo ya sukulu. A komiti agwirizananso kuti podikira yankho, Sitandade 3 isamalowenso m'kalasi imeneyo. Apempha a mpingo kuti ana aziphunzirira m'tchalitchi mkati mwa sabata, ndipo akulu a mpingo ati ayankha akakumana Lamulungu. Mlongo wanga sakusangalala nazo, akuti kutchalitchi kulibe bolodi komanso n'kutali ndi kumene amaphikira phala.